KHOMA LA NYUMBA NDI THANZI LA MWANA

Amayi, tikamakambirana pa sikelo za ukhondo wa pakhomo, timatchula chimbudzi, dzenje la zinyalala, thandala loyanikapo mbale ndi madzi akumwa. Khoma la m'kati mwa nyumba silitchulidwa kaŵirikaŵiri, chonsecho palibe munthu pabanja amene amaligwira kuposa mwana wosakwana zaka zisanu. Pokwaŵa amatsata m'mbali mwa khoma. Pophunzira kuimirira amagwirira khoma. Akapeza pamene penti wayamba kumatuka amatokosa ndi chikhadabo, ndipo chala chomwecho chimapita m'kamwa.

Kuno ku Mchinji mabanja ambiri amakonza nyumba zawo akagulitsa fodya, mtedza ndi soya. Pa nthaŵi imeneyi amisiri omanga ndi opaka penti amakhala ndi ntchito yambiri pa boma, ku Kamwendo, ku Mkanda, ku Kapiri ndi m'midzi yozungulira. Ndalama amatulutsa ndi abambo pa mabanja ambiri, koma amene amatsala pakhomo ndi ana pamene mmisiri akugwira ntchito ndinu. Nchifukwa chake kuli kofunika kuti mudziŵe m'mene khoma limakonzedwera, chimene chiyenera kupakidwa, ndi chimene sichiyenera kuloŵa m'nyumba muli mwana.

Zimene zimabisala m'ming'alu

Khoma la ming'alu ndi mudzi wa tizilombo. Nsikidzi zimabisala m'menemo usana, ndipo usiku zimatuluka kukayamwa magazi. Mwana wolumidwa sagona, amadzikanda mpaka kutuluka zilonda, ndipo zilonda zikaloŵa dothi zimachita mafinya. Mphemvu zimaikira mazira m'ming'alu yomweyo, kenaka nkumayenda pa chakudya. Agogo athu amazidziŵa bwino nkhufi, zimene zimakhala m'ming'alu ya makoma ndi pansi pa nyumba zadothi. Nkhufi zimapatsa matenda otentha thupi amene amaleka masiku angapo nkuyambiranso, ndipo matendaŵa ngoopsa kwambiri kwa amayi apakati ndi makanda.

Penti kapena laimu sapha tizilombo timeneti. Chimene chimatithamangitsa ndi kusoŵa pobisala. Motero ntchito yaikulu si ya burashi ayi, ndi yotseka ming'alu. Amayi amene amazira nyumba ndi mtsiro, osaiŵala m'makona ndi m'munsi mwa khoma, akuchita kale ntchito yoteteza ana awo ngakhale asanagule chitini cha penti ndi chimodzi chomwe. Nyumba yozira bwino imaposa nyumba yopaka penti wonyezimira pamwamba pa ming'alu.

Kukonza khoma musanapake

Mmisiri wodziŵa ntchito yake amathera nthaŵi yambiri pokonza khoma kusiyana ndi popaka. Akafika nkutsekula chitini tsiku lomwelo, asanayang'ane khoma, dziŵani kuti ndalama zanu zikupita pachabe.

Choyamba ndi chinyontho. Khoma likhoza kunyoŵa chifukwa denga likudontha, chifukwa madzi a mvula amaima m'mbali mwa nyumba, kapena chifukwa chinyontho chikukwera kuchokera m'maziko. Mudzachizindikira powona maŵanga akuda a chuku, kapena ufa woyera wonga mchere m'munsi mwa khoma. Penti wopakidwa pamalo otere amatupa nkumatuka mvula yoyamba isanathe. Koma vuto lalikulu ndi la mwana. Nyumba ya chinyontho ndi chuku imayambitsa kutsokomola ndipo imakulitsa mphumu. Konzani denga, kumbani ngalande yochotsa madzi kuseri kwa nyumba, kwezani khonde. Khoma liume, ndipo mukatero nkuganiza zopaka.

Chachiŵiri ndi litsiro. Mwaye, mafuta ndi fumbi zimaletsa penti kugwira. Khoma la pulasitala litsukidwe ndi madzi a sopo, litsukuluzidwe ndi madzi oyera, lisiyidwe kuti liume. Khoma likada ndi mwaye, kumbukirani kuti utsi umene udadetsa khomalo ndi womwewo umene mwana wakhala akupuma, ndipo utsi wa nkhuni ndi makala umathandizira chibayo. Ngati mupitiriza kuphika m'nyumba yogona, khoma lidzadanso ndipo chifuwa cha mwana sichidzatha.

Pambuyo pake mmisiri atseke ming'alu. Mng'alu waung'ono amaukulitsa pang'ono kuti chomatira chiloŵe, amachotsa fumbi, amanyoŵetsa, ndipo amamata. Mng'alu waukulu umene ukupitirira kukula, makamaka wotsetsereka kuchokera pa ngodya ya chitseko kapena zenera, ukuwonetsa kuti maziko akusuntha. Umenewo si wobisa ndi penti. Itanani womanga nyumba adzawone mvula isanayambe, pakuti khoma lotere likhoza kugwera anthu ali m'tulo.

Pulasitala watsopano wa simenti amafuna kuleza mtima. Sabata yoyamba azithiridwa madzi kuti alimbe, kenaka asiyidwe pafupifupi masabata anayi asanapakidwe penti. Ambiri amafulumira chifukwa cha ukwati kapena alendo a pa Khirisimasi, ndipo pofika mwezi wa Febuluwale penti amakhala akugwa ngati mamba a nsomba. Nyengo yabwino ya ntchito yonseyi ndi Ogasiti ndi Seputembala. Mu Juni ndi Julayi kuzizira kumachedwetsa kuuma, pamene dzuŵa la Okutobala limaumitsa pulasitala mofulumira kwambiri mpaka kung'ambika ngati simukumthira madzi mokwanira.

Laimu

Laimu, amene ena amati njereza, ndi wotsika mtengo ndipo alibe mtovu, poizoni amene tifotokoze m'munsimu. Amagwira pa khoma la dothi, la zidina ndi la pulasitala, amalola chinyontho kutuluka, ndipo chuku sichimera msanga pamene iye wapakidwa. Khoma loyera limaŵalitsa m'nyumba, kotero kuti udzudzu, nsikidzi ndi njira za chiswe zimawoneka msanga. Ena amanyoza laimu kuti ngwa anthu osauka. Ife a zaumoyo tikuti chipinda chogona ana chopaka laimu chaka ndi chaka chilibe chochititsa manyazi.

Pogula nenani kuti mukufuna laimu wopaka nyumba. Laimu wothira m'munda ndi wina, sagwira pa khoma. Sungunulani kuti akhale wamadzimadzi ngati mkaka, wazani madzi pang'ono pa khoma, ndipo pakani mopyapyala kaŵiri kapena katatu, kusiya tsiku limodzi pakati. Akadali wonyoŵa amawoneka wotuŵa, koma musawonjezere ufa, adzayera akauma. Wopaka mochindikala amang'ambika ndi kuyoyoka.

Laimu wosungunula amawotcha khungu ndi maso. Chidebe chake chisasiyidwe pamene mwana angafike. Akagwera m'diso, tsukani disolo nthaŵi yomweyo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20, ndipo pitani kuchipatala. Musathiremo mkaka wa m'maŵere, mankhwala a zitsamba kapena china chilichonse.

Alipo ena amene amaphwanya mabatire akutha kuti apeze chakuda chokongoletsera m'munsi mwa khoma. Lekani zimenezo. M'mabatire muli mankhwala osayenera kufika m'manja mwa mwana. Dothi lofiira, lakuda ndi loyera lilipo lokwanira m'madambo ndi m'mapiri athu.

Mtovu: poizoni wosawoneka

Penti wa m'masitolo alipo wa mitundu iŵiri. Wina ndi wa madzi, amene pa chitini pamalembedwa PVA, ndipo burashi yake imatsukidwa ndi madzi. Wina ndi wa mafuta, wonyezimira, wa fungo lamphamvu, amene amasungunulidwa ndi thina kapena parafini. Penti wa mafuta ndiye amene timakonda kupaka pa zitseko, pa mafelemu a mazenera ndi m'munsi mwa khoma, chifukwa sachedwa kupukuta akada. Tawonani tsono kuti malo ameneŵa ndi omwewo amene mwana wokwaŵa amafikapo.

Opanga penti ena amathira mtovu mu penti wa mafuta kuti mtundu uŵale ndiponso kuti aume msanga. Umapezeka kwambiri mu penti wachikasu ndi wofiira. Mtovu ulibe fungo ndipo sungawoneke ndi maso. Penti akadali wolimba pa khoma ngozi imakhala yochepa. Akayamba kukalamba, kumatuka, kapena kupekesedwa potseka ndi potsekula chitseko, amasanduka fumbi losalala limene limagwera pansi. Mwana amakwaŵa pamenepo, amayamwa zala, amatola mbatata imene yagwa pansi nkudya. Umo ndi m'mene mtovu umaloŵera m'thupi, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku.

Bungwe lowona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ngwabwino, ngakhale wochepa chotani. Limanenanso kuti thupi la mwana wamng'ono limatenga mtovu woŵirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi thupi la munthu wamkulu amene wameza muyeso womwewo. Mtovu umawononga ubongo pa nthaŵi imene ukukula. Mwana amachedwa kuyankhula, savutika kuiŵala, sakhazikika, ndipo akadzayamba sukulu maphunziro amamuvuta. Ubongo ukawonongeka motere subwereranso mwakale. Mtovu umachepetsanso magazi ndi kuwononga impso. Kwa mayi wapakati, umadutsa kukafika kwa mwana amene ali m'mimba, ndipo ukhoza kuchititsa kuti abadwe masiku asanakwane kapena wochepa thupi.

Anzathu a ku Zambia akuudziŵa bwino poizoni ameneyu. Mu mzinda wa Kabwe mudali mgodi wa mtovu umene udatsekedwa m'chaka cha 1994, koma kufikira lero ana okhala pafupi ndi mgodiwo amapezeka ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi limene lidatsala m'dothi. Mtovu suwola ndipo sutha mphamvu. Ukagwera pansi m'nyumba kapena pabwalo umakhala pomwepo mpaka wina atauchotsa.

Maiko ena adaletsa kale mtovu mu penti wa m'nyumba. Dziko la America lidatero m'chaka cha 1978. Muyeso umene maiko ambiri akutsata tsopano ndi wakuti mtovu usapitirire magawo 90 pa magawo 1,000,000 a penti. Kuno ku Malaŵi, m'chaka cha 2020, bungwe la Lead Exposure Elimination Project pamodzi ndi akatswiri a ku University of Malawi adagula penti wa mafuta m'masitolo nakamuyesa, ndipo adapeza kuti zitini zoposa theka zidali ndi mtovu wopyola muyeso umenewu. Bungwe lowona za miyeso ya katundu la Malawi Bureau of Standards lidachitapo kanthu, ndipo makampani ena adasintha kapangidwe kawo. Atayesanso m'chaka cha 2023 adapeza kuti penti wa mtovu wachepa pa msika, koma sadatheretu. Tsono nyumba zimene zidapakidwa penti wa mafuta zaka za m'mbuyomo zikadali ndi penti yemweyo pa zitseko ndi m'makoma. Kusintha kwa ku fakitale sikuchotsa zimene zili kale m'nyumba mwanu.

Pogula penti

Ife a m'malire timagula katundu mbali zonse ziŵiri. Wina amagula pa boma kapena ku Lilongwe, wina amadutsa pa Mwami kukagula ku Chipata. Kumene penti wachokera sikutiuza ngati ali ndi mtovu kapena ayi. Chofunika ndi chitini chotseka bwino, chokhala ndi dzina la kampani imene idapanga, ndiponso mawu onena kuti mulibe mtovu. Pa Chingerezi mtovu amati lead, ndipo pa chitini pamalembedwa kuti lead free kapena no added lead. Ngati kuŵerenga kumakuvutani, pitani ndi mwana wa sukulu kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Peŵani penti wopungulira m'mabotolo amene amagulitsidwa pa msika, pakuti palibe amene angakuuzeni chimene chili m'katimo. Peŵaninso penti wotsala ku galaja, wopakira galimoto, ngolo kapena zitsulo. Ameneyo sadapangidwire m'nyumba, ndipo asapakidwe pa bedi la mwana, pa mpando kapena pa zidole.

Pa makoma a m'kati, sankhani laimu kapena penti wa madzi. Penti wa madzi kaŵirikaŵiri sakhala ndi mtovu, fungo lake nlochepa, ndipo amauma msanga. Alipo wa madzi wotheka kupukuta ndi nsalu yonyoŵa, amene akhoza kupakidwa m'munsi mwa khoma m'malo mwa wa mafuta. Mtengo wake ngwokwererapo, koma kuli bwino kupaka chipinda chimodzi chaka chino ndi china chaka chamaŵa kusiyana ndi kupaka nyumba yonse ndi penti wosadziŵika.

Kuchotsa penti wakale

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu kuposa pena paliponse. Kuti penti watsopano agwire, mmisiri amayenera kuchotsa wakale amene wamatuka, ndipo ambiri amachita zimenezi popala ndi sandipepa khoma lili louma. Ngati penti wakaleyo ali ndi mtovu, tsiku limodzi lokha la ntchito yotere limadzaza nyumba ndi fumbi la poizoni loposa limene likadagwa pa zaka zambiri. Popeza simungadziŵe ndi maso, penti aliyense wakale wa mafuta mumuyese wa mtovu.

Pamene penti wakale ali wolimba, asapalidwe. Atsukidwe, apakidwe penti wapansi amene amisiri amati andakoti, kenaka watsopano pamwamba. Pamene wamatuka, mmisiri ayambe wawaza madzi, apale pali ponyoŵa, ndipo zopalidwazo zigwere pa pepala la pulasitiki loyalidwa pansi. Asawotche penti ndi moto kuti afeŵe, chifukwa utsi wake umatenga mtovu kuloŵa nawo m'mapapo. Zopalidwazo zimangidwe m'jumbo ndi kukwiriridwa m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, dimba ndi poseŵerera ana. Zisatenthedwe, ndipo zisatayidwe pamene nkhuku zimapalasa.

Ntchito isanayambe, tulutsani mphasa, zofunda, neti, ziŵiya, ufa ndi chakudya chonse. Ntchito ikatha musasese ndi tsache louma, pakuti limangowulutsa fumbi. Kolopani pansi, pukutani mazenera ndi zitseko ndi nsalu yonyoŵa, sinthani madzi, bwerezaninso. Nsaluyo itayidwe pamodzi ndi zopalidwa zija. Ngati pansi mpozira, wazani madzi, kokolani dothi lapamwamba, ndipo zirani mwatsopano.

Ntchito yokolopayi asagwire mayi wapakati. Pemphani achemwali anu, alamu anu kapena bambo a ana.

Masiku a ntchito

Ana aang'ono ndi amayi apakati asakhale m'nyumba imene ikupalidwa kapena kupakidwa. Akagone kwa agogo kapena kwa anansi. Musaloŵemo ndi mwana kumbuyo, ngakhale kungokapereka madzi kwa mmisiri. Mazenera ndi zitseko zikhale zotsekula. Ngati mwapaka penti wa madzi, dikirani masiku aŵiri kapena atatu. Ngati ndi wa mafuta, dikirani mpaka fungo litatheratu. Musaike mbaula m'chipinda kuti penti aume msanga. Mpweya wa thina umayaka moto, ndiponso makala oyaka m'chipinda chotseka amapha.

Gwirizanani ndi mmisiri zinthu zonsezi musanapangane mtengo. Mmisiri wolipidwa pa ntchito yonse amafuna kumaliza msanga kuti apite kwina, choncho muuzeni poyera, pamaso pa bambo a kunyumba, kuti kutsuka khoma, kutseka ming'alu, kupala ponyoŵa ndi kuchotsa zinyalala zili m'kati mwa mtengowo. Sikuchita mwano kufunsa mmisiri kuti, "Bambo, kodi penti ameneyu alibe mtovu?" Mmisiri weniweni sakwiya ndi funso lotere, popeza woyamba kupuma fumbilo ndi iye yemwe. Amayi amene amuna anu ndi opaka penti, aŵa akuchenjezedwanso: asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, ndipo zovala za ku ntchito zichapidwe pazokha.

Thina ndi parafini zisasungidwe m'botolo la zakumwa. Ana ambiri amene amafika kuchipatala atamwa parafini amakhala atamupeza m'botolo lotere nkuyesa madzi. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa posanza mafutawo amaloŵa m'mapapo nkuyambitsa chibayo choopsa. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere. Mvuleni zovala zimene zathirikira, ndipo thamangirani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mutatenga botololo.

Chitini kapena chidebe chimene mudali penti wa mafuta chisasanduke chotungira madzi akumwa, chosungira ufa kapena chofululira thobwa, ngakhale mutachitsuka chotani. Matabwa akale opaka penti asakhale nkhuni zophikira.

Kumene a zaumoyo apopera mankhwala ophera udzudzu m'makoma, musazire, musatsuke ndipo musapake khomalo mpaka nthaŵi imene opoperawo akuuzani itakwana, pakuti mukatero mwakwirira mankhwala. Konzani khoma iwo asanabwere. Ndipo khoma likongole chotani, mwana agonebe m'neti usiku uliwonse.

Zizindikiro ndi chakudya

Ana ambiri amene ali ndi mtovu m'thupi sawonetsa chizindikiro chilichonse poyamba. Ena amadandaula m'mimba, amadzimbidwa, safuna kudya, amangolira, amatuŵa m'maso ndi m'zikhatho, ndipo sikelo yawo siikwera. Mtovu ukachuluka kwambiri mwana amasanza, amafooka, mwinanso kukomoka. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, njoka za m'mimba ndi kunyentchera, kotero dokotala sangaganize za mtovu ngati simumuuza. Mukapita ndi mwana kuchipatala, nenani kuti kunyumba kwapalidwa penti, kapena kuti mwamuwona akudya zomatuka pa khoma kapena dothi. Chimene chimatsimikiza ndi kuyeza magazi.

Mwana wa njala ndi mwana wochepa magazi amatenga mtovu wambiri kuposa mwana wodya mokwanira. Mpatseni phala lothira nsinjiro m'maŵa asanapite koseŵera. Usipa ndi matemba odyera pamodzi ndi minga yake, nyemba, mazira, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimapatsa thupi zofunika zimene zimachepetsa kuloŵa kwa mtovu, ndipo zipatso monga magwafa, malalanje ndi mango zimathandiza thupi kupanga magazi kuchokera ku ndiwo zimenezi. Chakudya sichichotsa mtovu umene waloŵa kale, choncho kupukuta fumbi kusalekeke. Msambitseni m'manja ndi sopo asanadye ndiponso asanagone, muŵengeni zikhadabo, ndipo muyalireni mphasa yoyera pamene akudyera.

Ngati m'nyumba mwanu muli penti wakale amene akumatuka ndipo ndalama zokonzera palibe chaka chino, sunthani pogona mwana kuti patalikirane ndi khomalo, tsekani pomatukapo ndi kabati kapena pepala lolimba, ndipo pukutani pansi ndi nsalu yonyoŵa kaŵiri pa sabata. Pa sikelo ya mwezi wamaŵa mudziŵitseni mlangizi wa zaumoyo kuti adzafike kudzawona nyumbayo.